Makompyuta atatu m'nyumba imodzi, koma osaonana

Kuno ku Ngabu, mwezi wa October, kompyuta sugwiritsa ntchito masana. Dzuwa likafika paliwombo malata amachita kuthetheka, nayonso fani ya kompyuta imayamba kulira mpaka kuchititsa mantha. Ndiye ntchito yanga ndimagwira usiku, ana atagona, zenera lili chitsegukire, udzudzu ukundizungulira m'miyendo.

Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe. Mavidiyo onse ndimasunga pakompyuta yakale ya patebulo, yomwe ndinaikamo Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows. Mayi akunyumba, amene ndi aphunzitsi, ali ndi laputopu ya Windows 11. Ndiye sabata ijayi kunabwera alamu anga kuchokera ku Blantyre ndi MacBook yawo, kudzandithandiza kukonza vidiyo ya ukwati womwe ndinajambula ku Bangula. Vidiyoyo inali ya 9 GB. Pafulashi inakana kulowa, chifukwa fulashi yanga ili mu FAT32, yomwe siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB ngakhale malo atakhalapo ochuluka bwanji. Kuitumiza pa intaneti kwa munthu amene wakhala pampando woyandikana ndi wanga, bandulo n'kuthera pomwepo, mtima wanga sunalole.

Anthu ambiri sadziwa kuti makompyuta olumikizidwa pa rauta imodzi amatha kupatsana mafayilo osadya bandulo ngakhale pang'ono. Fayilo imangochoka apa, kudutsa pa rauta, n'kufika apo. Chofunika n'chakuti amvane chilankhulo, ndipo chilankhulocho ndi SMB. Windows ndi Mac amabwera akuchidziwa kale, koma Ubuntu kuti agawe foda yake amafuna pulogalamu ya Samba. Ndinaiika, ndinalemba dzina la foda ya mavidiyo mu smb.conf, fayilo ya makonzedwe a Samba, n'kutsegula njira pa firewall, mlonda wa kompyuta pa netiweki, polemba sudo ufw allow samba.

Alamu anadina mabatani a Command ndi K pa MacBook yawo, n'kulemba smb://192.168.8.103, adilesi ya kompyuta yanga. Inafunsa pasiwedi. Ndinawauza yomwe ndimalowera tsiku lililonse, inakana. Tinabwereza katatu, pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo. "Alamu, mwina mwaiwala," anatero. Sindinaiwale ayi. Samba imasunga mapasiwedi akeake, siigwiritsa ntchito wolowera pakompyuta. Nditalemba sudo smbpasswd -a ndi dzina langa n'kuika pasiwedi, foda inatseguka nthawi yomweyo, alamu n'kuwomba m'manja.

Laputopu ya mayi ndi yomwe inatisowetsa tulo. Ankafuna zithunzi za ukwati womwewo, poti mkwatibwi ndi mnzawo wa kutchalitchi, koma akatsegula Network, pomwe Windows amaonetsa makompyuta ena a pa rauta, kompyuta yanga sinkaoneka. Wina pagulu lathu la ojambula pa WhatsApp anati ndingotsegula SMB1, mtundu wakale wa SMB, zonse zitheka. Ndinakana, ndipo nanunso ndikukupemphani musatero. SMB1 ndi khomo lomwe vairasi ya WannaCry inalowera mu 2017 n'kutsekera anthu mafayilo awo m'mayiko ambirimbiri, ndipo kuyambira chaka chomwecho Windows 10 anayamba kubwera khomolo lili lotseka. Ine ndimasunga zithunzi za maukwati a anthu, tsiku lomwe silibwereranso. Sindingaziike pachiswe chifukwa chofuna kuona kachithunzi ka kompyuta pa Network.

Kusaoneka sikutanthauza kuti njira palibe. Windows wa masiku ano amafufuza anzake mwa njira ina yomwe Samba payokha siiyankha, pokhapokha utawonjezera kapulogalamu ka wsdd. Koma ngakhale popanda iko, tinangolemba \\192.168.8.103 pamwamba pa File Explorer, foda n'kutulukira. Mayi anangoti, "Basi? Maola onsewa, bambo?"

Pofuna kutenga nyimbo zomwe zinali palaputopu yawo, panabukanso zina ziwiri. Wi-Fi yathu inali italembedwa kuti ndi Public, ndipo ikakhala choncho Windows amadzibisa ngati ali pakati pa alendo. Tinaisintha kukhala Private. Kenako mayi ankandipatsa manambala anayi omwe amatsegulira laputopu, koma PIN imagwira pa laputopu pomwepo basi, pa netiweki pamafunika pasiwedi yeniyeni ya akaunti. Anakaipeza m'kope lawo la sikimu, patsamba lomaliza.

Tinagona tili okondwa. Cha m'bandakucha magetsi anazima, ndipo atayakanso m'mawa, zonse zinali zitabwerera pomwe tinayambira. Mac sakuona, Windows sakuona. Apa ndi pomwe ndinataya nthawi yambiri, chifukwa ndinayamba kufukula smb.conf, kufufuzamo zolakwika ndi testparm, kuyambitsanso Samba, chonsecho palibe chomwe ndinasintha usiku. Alamu ndi amene anafunsa, kapu ya tiyi ili m'manja, kuti kodi adilesi ija idakali yomweyo? Ndinalemba hostname -I kuti ndiione. Inali itasanduka 192.168.8.105.

Rauta imabwereketsa maadilesi, siipereka mpaka kalekale. Yathuyi ikazima n'kuyakanso imayamba kugawa mwatsopano, woyamba kufika ndiye woyamba kulandira. M'mawa umenewo mafoni a m'nyumba anali atalowa kale ine ndisanayatse kompyuta, ndipo nambala yanga ija inali itapita kwa ina mwa mafoniwo. Tonse tinkagogoda pakhomo la foni, tikuyesa kuti ndi la kompyuta. Kwa ife amene magetsi amatithimira kawirikawiri, vuto limeneli ndi la sabata iliyonse, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene amati zogawana mafayilo n'zosadalirika anagwa pomwepa. Ndinalowa m'makonzedwe a rauta, pagawo la DHCP lomwe limagawa maadilesi, n'kumangirira 192.168.8.103 ku MAC address ya kompyuta yanga, nambala yomwe rauta imaizindikirira, kuti isamapatsidwenso wina. Nambalayo ndinailemba pakapepala n'kumata ndi selotepi pambali pa sikirini.

Panatsala kamodzi kakang'ono. Fayilo ina ndinaitcha "Kudula keke 14:30", ndipo palaputopu ya mayi inaoneka ndi dzina la zilembo zosamveka, chifukwa Windows salola madontho awiri aja m'dzina la fayilo. Ndinalisintha kukhala 14-30.

Vidiyo yaikulu ija pa Wi-Fi inkayenda mwaulesi, choncho ndinakoka waya wa netiweki kuchokera pa rauta kukalowetsa kumbuyo kwa kompyuta yanga, ndipo liwiro linasintha. Pomwe mayi ankaika nsima ndi mlamba wouma patebulo, inali itafika yonse pa MacBook, alamu atayamba kale kudula pomwe kwaya inkalowa m'tchalitchi.