Chaka chachisanu chimene amalume ankafunsa

Pamene ndinauza amalume anga kuti maphunziro anga a zamalamulo ku Cape Town atenga zaka zisanu, anakhala chete kanthawi, kenaka n'kufunsa kuti, "Kodi uloya si zaka zinayi? Nanga chaka chinacho uzikatani kumeneko?" Funsolo linali lomveka, chifukwa chaka chimodzi chowonjezera chimafuna fizi, lendi ndi chakudya, ndipo zonsezo zimalipiridwa m'marandi pamene ndalama zake zikuchokera ku kwacha. Ndinawafotokozera kuti pa yunivesite ya Cape Town munthu angathe kuphatikiza madigiri awiri. Zaka zitatu zoyambirira amaphunzira BSocSc, digiri ya maphunziro a kakhalidwe ka anthu, akutengeramo maphunziro ena a zamalamulo, ndipo akatero amamaliza LLB, digiri ya zamalamulo, m'zaka ziwiri zokha, pamene madigiriwo akanawaphunzira padera akanatenga zaka 6. Amalume sanakhutire, ndipo kunena zoona, pa nthawiyo inenso ndinkangobwereza zimene ndinawerenga m'kabuku ka yunivesite.

Chimene chinandivuta kwambiri sichinali kuchuluka kwa zowerenga, ngakhale zinalidi zambiri, koma kuti mbali ziwirizi zimafuna kuti munthu aziganiza mosiyana tsiku lomwelo. M'mawa, m'kalasi ya zamalamulo, ankatiphunzitsa kutenga chigamulo cha khoti, kupatula mfundo zofunika pa mlandu, kupeza lamulo limene woweruza anatsamira, n'kusiya zina zonse. Masana, m'kalasi ya sociology, phunziro la kakhalidwe ka anthu, zimene tinasiya m'mawa zija n'zimene ankafuna: wodandaulayo amakhala kuti, anafika bwanji kukhoti, ndalama ya loya anaipeza kuti, ndipo anzake ambirimbiri amene ali ndi vuto lomwelo n'chifukwa chiyani sanapiteko. Ntchito yanga yoyamba yolemba ya zamalamulo inabwera ndi malikisi ochititsa manyazi, chifukwa ndinadzaza masamba awiri ndi mbiri ya umphawi pamene funso linali lakuti lamulo likuti chiyani. Vuto linali langa, ndipo zinanditengera pafupifupi chaka kuti ndiphunzire kudziwa nthawi yofunsa funso lililonse.

Phindu la kuvutika konseko ndinaliona pamene tinafika pa mlandu wa Bhe, umene aliyense wophunzira malamulo a chuma cha masiye ku South Africa amaudziwa. Mu 2002, bambo wina amene ankakhala ku Khayelitsha, mu mzinda wa Cape Town, ndi mayi Nontupheko Bhe pamodzi ndi ana awo aakazi awiri anamwalira osasiya wilu. Potsatira gawo 23 la lamulo la Black Administration Act la mu 1927 ndi mwambo wakuti chuma chimapita kwa mwamuna wamkulu m'banja, majisitireti anaika bambo ake a malemuyo kukhala wolowa chuma chonse, ndipo iwo ankafuna kugulitsa malo amene mayiyo ndi anawo ankakhalapo kuti abweze ndalama zimene zinawonongedwa pa maliro. Mu 2004, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, kudzera mwa woweruza Pius Langa, linagamula kuti lamulolo ndi mwambowo n'zosemphana ndi ufulu wa kusasalidwa ndiponso ulemu wa munthu, ndipo atsikana awiriwo ndiwo analandira chuma cha bambo awo. Ndinawerenga chigamulocho mu laibulale usiku, mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti nkhani ya chuma cha masiye yatha m'dzikomo.

Lamlungu lotsatira ndinaimbira foni agogo anga aakazi ku Dedza, ndipo pofuna kuwaonetsa kuti sukulu ikuyenda, ndinawasimbira mlanduwo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mdzukulu wanga, nanga pamene zonsezo zinkachitika ankhoswe anali kuti?" Ndinayankha kuti chigamulocho sichinatchule za ankhoswe. Iwo anapitiriza kuti kwathu munda si wa mwamuna, chifukwa mwamuna ndi mkamwini, anabwera kudzakwatira. Munda ndi wa mbumba, ndipo amene amauyang'anira ndi mwinimbumba. Akamwalira mkazi, amene amakhala pa chiopsezo ndi mwamunayo, chifukwa akangomusudzula amanyamula katundu wake n'kubwerera kwawo. Kenaka anandifunsa funso limene ndinalephera kuyankha: "Atawina kukhotiko, anawo ankalonjerana nawo agogo awowo? Tsiku la ukwati wawo adzawayimira ndani?"

Funso limenelo silingalembedwe pa mayeso a zamalamulo, koma ndi limene limachititsa amayi ambiri kusiya chuma chimene lamulo likuti n'chawo. Munthu amawerengera kuti nyumba angathe kuipeza kukhoti, koma abale amene adzamudwazike ndi kumuika m'manda khoti silingamupatse. Patapita nthawi ndinapeza kuti aphunzitsi awiri a pa yunivesite yomweyi, Pulofesa Chuma Himonga wa zamalamulo, yemwe kwawo ndi ku Zambia, ndi Elena Moore wa sociology, anachitira pamodzi kafukufuku wofuna kuona ngati malamulo atsopano a ukwati ndi chuma cha masiye asinthadi moyo wa anthu, ndipo zimene anapeza zinasonyeza kuti m'mabanja ambiri nkhani zoterezi zimakambidwabe pa msonkhano wa abale. Kafukufuku wotere loya payekha sangamuchite bwino, chifukwa sanaphunzire kufunsa anthu mafunso ndi kusanthula mayankho awo, ndipo katswiri wa sociology payekha sangadziwe pamene mayankhowo akusemphana ndi gawo la lamulo.

Makhoti a ku South Africa enieniwo amavomereza kuti pali kusiyana pakati pa mwambo umene unalembedwa m'mabuku nthawi ya atsamunda ndi mwambo wamoyo umene anthu akutsatira lero. Pa mlandu wa Shilubana mu 2008, khoti lija linavomereza kuti mtundu wa a Valoyi unali ndi mphamvu yosintha mwambo wake n'kulonga mayi ufumu. Koma ngati mwambo wamoyo ndi lamulo, ndiye kuti wina ayenera kupita kumudzi kukaufufuza, ndipo luso lochitira zimenezo ndinaliphunzira m'makalasi amasana aja amene anzanga ena ankati ndi otayitsa nthawi.

Mlandu wina umene sundichoka m'maganizo ndi wa mayi Irene Grootboom a ku Wallacedene. Mu 2000 khoti linagamula kuti ndondomeko ya boma ya nyumba inali yoperewera chifukwa sinaganizire anthu amene ali pa mavuto adzaoneni, ndipo chigamulocho chimaphunzitsidwa m'mayiko ambiri. Mayiwo anamwalira mu 2008 akukhalabe m'chisakasa. Kwathunso tili ndi lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, limene limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma aliyense amene anakhalapo pa maliro a munthu wosiya nyumba ndi galimoto amadziwa mmene abale ena amayambira kuyang'ana makiyi mtembo usanatuluke m'nyumba.

Sindikunena kuti njira imeneyi ndi yoyenera aliyense. Amene akufuna kukhala loya wa makampani, ndipo ndalama za fizi n'zomuvuta, angachite bwino kutenga LLB ya zaka zinayi kapena kuphatikiza malamulo ndi maphunziro a zamalonda. Mmalawi ayeneranso kuganizira kuti maziko a malamulo a ku South Africa ndi a Roman-Dutch, ochokera kwa Aroma ndi Adatchi, pamene athu anachokera ku England kudzera mu lamulo la atsamunda la mu 1902, choncho wofuna kukagwira ntchito kwathu afunse bwinobwino zimene zimafunika kuti aloledwe kuyimira anthu pa milandu asanawononge zaka zisanu. Palinso vuto lina limene sindinaliyembekezere: munthu akazolowera kuona malire a lamulo amayamba kulikayikira, ndipo anzanga ena anafika pomaona ngati chigamulo chilichonse ndi mapepala chabe. Ine sindigwirizana nawo, chifukwa atsikana awiri a ku Khayelitsha aja malo awo sanagulitsidwe.

Mwezi wathawu, ndili m'chaka chachinayi, amalume omwe aja anandiimbira foni kuti akufuna kulemba wilu, ndipo anafunsa ngati angalembemo munda wa kudambo kuti udzakhale wa mwana wawo wamwamuna. Ndinawauza zimene lamulo limafuna kuti wilu ikhale yovomerezeka, monga kuisainira pamaso pa mboni ziwiri, koma ndisanapitirire ndinawafunsa kuti mundawo anaupeza bwanji, akulimapo ndani chaka chino, ndiponso ngati amayi anga ndi azakhali ena a m'mbumbamo akudziwa za maganizo amenewa. Anakhala chete monga anachitira tsiku lija, kenaka anati aimbanso akakambirana ndi agogo.