Mizere iwiri, mayankho awiri

Sabata ino ndimayesa pakompyuta insuleta, chipangizo chotchinga magetsi kuti asadutse, yolekanitsa zitsulo ziwiri zosiyana ndi mavoti 11,000. Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo kupatula kujambula modelo ndi kudikira laisensi imodzi ya pulogalamu, yomwe timalimbirana anthu anayi. Mutu unandiimira Lachitatu masana.

Pofuna kutsimikiza kuti modelo ili bwino, ndinawerengera kusiyana kwa voteji kuchokera ku electric field (E), yomwe ndi mphamvu ya magetsi pa malo alionse, pochita integral ya E, kutanthauza kuphatikiza E kachigawo ndi kachigawo, motsatira mzere wochoka pa chitsulo china kukafika pa chinzake. Mzere wowongoka unandipatsa mavoti 10,950, koma wachiwiri, womwe unadutsa m'mbali mwa ngodya yakuthwa ya chitsulo chimodzi, unandipatsa 9,400 okha. Tonse a ntchito imeneyi tikudziwa kuti m'modelo ya electrostatics, momwe magetsi sasintha ndi nthawi, yankho silidalira njira imene mwadzera. Ndinayamba ndaganiza za lamulo la Faraday, poti pamene magnetic field ikusintha pakati pa mizere iwiri mayankho amasiyanadi, koma m'modelo yanga munalibe chosintha ndi nthawi.

Nditawafotokozera akuluakulu a gawo lathu, anangosuzumira pasikirini n'kunena kuti, "Ingophatikizani manambalawo mugawe pawiri, lipoti lipite mawa." Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Bwana, mundikhululukire, lipoti lotere sindingaikepo dzina langa," ngakhale mumtima ndinali nditapsa kwambiri.

Ndinatsala ndekha mu ofesi mpaka usiku, ndipo zolakwika zinapezeka ziwiri. Choyamba chinali changa: ndinatenga mtengo wa E pa mfundo 20 zokha za mzerewo, pamene pafupi ndi ngodya field imakwera mwadzidzidzi pa kadera kosakwana milimita imodzi, kotero kuti mfundo zanga zinalumpha pamene panali pofunika. Nditazichulukitsa kufika 2,000, mizere yonse inagwirizana. Chachiwiri n'chimene chikundiwawabe, chifukwa mesh, ukonde wa timagawo umene kompyuta imagawira modelo powerengera, pangodyapo inali ya maso akuluakulu, osati mwa ulesi, koma poti kompyuta yathu ya 8 GB imauma tikangoichepetsa maso, ndipo pempho loonjezera memori takhala tikulemba kuyambira chaka chatha. Mesh yotere imabisa msinkhu weniweni wa field, chonsecho mpweya umayamba kulola magetsi kudutsa field ikafika mavoti 3,000 pa milimita kapena pafupi pamenepo. Kuchepetsa maso pakokha sikuthandizanso, popeza pa ngodya yakuthwa kotheratu nambala imangokwerabe osaima. Ndinachita kukayeza chitsulo chenichenicho n'kuipatsa ngodyayo m'modelo kupindika kwake koyenera.

Lachinayi ndinabwereka kompyuta ya mnzanga wa gawo lina, ndipo zotsatira zinaonetsa kuti ngodyayo iyenera kusalazidwa insuleta isanapangidwe. Lipoti linapita Lachisanu, akuluakulu aja n'kudandaula kuti lachedwa ndi tsiku limodzi. Pempho la memori ndalilembanso kachinayi.