Mint sinadzipange yokha

Anzanga a pa Chitakale amene mukufuna ndikuikireni Linux Mint (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, ngati Windows) m'malaputopu anu akale aja, tamvani kaye. Mint imatenga mapulogalamu ake ambiri ku Ubuntu, mtundu wina wa Linux. Nayonso Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth adayambitsa mu 2004, imatapa ku Debian, Linux inanso yomwe idayamba mu 1993. Zili ngati tiyi wathuyu, amadula nthambi ku mtengo wakale n'kukabzala.

Ndiye update ya chitetezo ikafika pa Mint yanu, nthawi zambiri oikonza amakhala a Ubuntu. N'chifukwa chake a Mint amasunganso LMDE (Linux Mint Debian Edition), Mint ina yomangidwa pa Debian mwachindunji, kuopa kuti Ubuntu ingadzathe tsiku lina. Pamenepo ndiye ndimawagomera anthuwa.

Bwerani ndi flash Loweruka, ya 8GB ikwana.