Alfred Escher ndi mwana wake Lydia

Abale, nkhani ya Alfred Escher wa ku Zürich yandisiya kakasi. Bamboyu anabadwa mu 1819, anali phungu wa nyumba ya malamulo ya Switzerland kwa zaka zoposa 30, ndipo mu 1856 anayambitsa banki yomwe inadzatchedwa Credit Suisse, ija idamezedwa ndi banki ya UBS mu 2023. Njanji yoboola phiri la Gotthard, makilomita 15 pansi pa thanthwe, inali ntchito yake. Ndalama zitapitirira bajeti anamukakamiza kutula pansi udindo wotsogolera kampani ya njanjiyo mu 1878, ndipo ogwira ntchito oboola phirilo kuchokera mbali zonse ziwiri atakumana pakati pa phiri mu 1880 sanamuitane n'komwe kuchikondwerero. Anthu ndi osayamika ndithu!

Koma chandipweteka kwambiri ndi Lydia, mwana wake yekhayo amene anakula. Anakwatiwa ndi mwana wa nduna ya boma Emil Welti, kenako anathawira ku Italy ndi wojambula Karl Stauffer. Apongozi anagwiritsa ntchito mphamvu zawo, mkaziyo anatsekeredwa m'chipatala cha amisala ku Rome. Chuma chake anapereka ku boma kuti ligulire zojambulajambula, ndipo mu 1891 anadzipha ali ndi zaka 33.