Thumba la ufa lomwe sindinapemphe

Adokotala anati ndichepetse nsima chifukwa shuga wayamba kukwera, komanso ndizilimbitsa thupi. Anati ndichepetse. Koma mnzanga wa ku ofesi, amene amadziwa chilichonse bola foni ikhale ndi bandulo, anandiuza kuti zimenezo dzina lake ndi low-carb. "Ingosiyiranitu, achimwene. Mazira, mapeyala, nyama, masamba, basi."

Nditafika kunyumba ku Luwinga ndinalengeza lamulo latsopano.

"Ndiye mukuti ndisamakuphikireni nsima?" anafunsa mayi akunyumba. "Nanga kondowole?"

"Ameneyo ndiye mdani wamkulu."

"Mpunga wa Kilombero womwe alamu anu anatumiza kuchokera ku Karonga uja?"

"Patsani ana."

Anandiyang'ana ngati ndalowa mpingo wachilendo, koma sanatsutse.

Za ku jimu ndinalibe nthawi, ndalamanso ayi. Ndinangoti ndisiye kukwera takisi, ndiziyenda wapansi kuchoka ku Luwinga mpaka m'tauni. Masiku atatu oyamba zinayenda, ndipo sikelo inaonetsa kuti ndatsika ndi makilogalamu awiri. Ndinayamba kulalikira mu ofesi, kumanyoza anzanga odya chipisi cha pachiwaya. Chomwe ndinadzamva pambuyo pake n'chakuti ambiri mwa makilogalamuwo anali madzi chabe. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu pamodzi ndi madzi, ndiye ukasiya nsima limayamba kudya nkhokwe imeneyo, madziwo n'kumatuluka ndi mchere womwe. N'chifukwa chake usiku ndinkadzuka katatu kukataya madzi. Sabata yoteroyo si yoti munthu uyambe matama.

Lachinayi ndinati lero ndithamanga. Unali mwezi wa June, kuzizira kwa Mzuzu kuja kolowa mpaka m'mafupa, chifunga chili mbuu. Ndinadya mazira awiri, peyala theka ndi khofi wopanda shuga, zovala za kuntchito n'kuika m'chikwama. Anyamata a sacramento, a njinga za kabaza aja, ankakuwa kuti "Tiyeni bwana!" ine n'kumangowakupizira dzanja monyada. Koma mmodzi sanandisiye. Ankangopalasa pang'onopang'ono kumbuyo kwanga, osalankhula kanthu. Anthu amenewa amamudziwa kasitomala asanadzidziwe yekha.

Pofika pa Katoto miyendo inasanduka therere. M'makutu munayamba kulira nkhululu, m'maso mdima bii. Ndinati ndikhale pansi pang'ono. Kukhalako ndikukumbukira, kugonako ayi.

Potsitsimuka ndinapeza anthu atandizungulira. Wina akundikupiza ndi katoni pakuzizira ponse paja, wina akupemphera mokweza, wina wandivula nsapato. Mayi wina wogulitsa mandasi anagwada n'kundiyang'anitsitsa.

"Adada awa sakudwala. Ndi njala iyi. Taonani milomo yatuwa."

Anatsegula Fanta, n'kuvundukula ndowa ya mandasi. Ndinafuna kunena kuti ine zimenezi sindidya, koma pakamwa panali patadzaza kale. Ndinadya asanu. Anali otentha, mafuta akutsikira m'zala, ndipo chibadwire sindinadyepo chinthu chokoma choncho.

"Nsima munadya liti, adada?"

"Lamulungu."

Gulu lonse linangoti "Mayoo!" Ndipo pakati pa gululo ndinaona nkhope yodziwika: mayi wina wa kumpingo kwathu, dzanja lina pakamwa, lina likusakasaka foni m'chitenje.

Mnyamata wa sacramento uja ndi amene anandibweza kunyumba. Analipiritsa kawiri mtengo wake, ati imeneyi inali ambulansi.

Madzulo tinangomva odi. Amayi anayi a kumpingo, ndipo kutsogolo kwawo apongozi anga enieni. Kumbuyo njinga itanyamula thumba la ufa la makilogalamu 50, chinangwa ndi mkoko wa nthochi.

"Mavuto sabisa, ana anga," anatero apongozi atakhala pamkeka. "Ngati ntchito inatha mukanangonena. Munthu wamkulu mpaka kugwa pamsewu?"

Mayi akunyumba ankamwetulira, koma ndi mano okha. Masowo ankandiuza kuti nkhani yathu tikamba alendo akapita.

Ndinayesa kufotokoza kuti chakudya m'nyumba chilimo, kungoti ndili pa low-carb.

"Lokabu? Ndi matenda anji amenewo? Mankhwala ake anakupatsani?"

Sanachoke mpaka nsima inaphikidwa, ya ufa womwewo, ndi usipa wotendera. Apongozi anakhala kumbali, monga mwa ulemu wake, koma ankawerenga mbamu iliyonse. Ndinamaliza mitanda itatu, amayi aja n'kuimba nyimbo yothokoza.

Titawaperekeza, thumba lija linali likadali pakhonde. Mayi akunyumba anapinda manja n'kuliloza ndi chibwano.

"Paja inu bambo mukufuna zolimbitsa thupi? Linyamuleni mulilowetse. Osati kukhitchini, kuchipinda chakumapeto uko."