Bawo yathu yayamba kulankhula ndi seva

Anzanga, gemu ya bawo yomwe ndikupanga mu Godot (pulogalamu yopangira magemu) kuno ku Chitakale tsopano ikutumiza zigoli pa intaneti! Mu GDScript, chilankhulo cholembera khodi mu Godot, ndimaitana request() pa node ya HTTPRequest (kachigawo kotumiza uthenga ku seva, kompyuta yolandira zigolizo pa intaneti), gemu n'kumapitirira osaima. Seva ikayankha, signal (chizindikiro) ya request_completed imabwera ndi yankho lake, lomwe ndimaliwerenga ngati JSON (kalembedwe ka deta).

Koma chonde, musasiye timeout (malire a nthawi yodikira yankho) pa 0, chifukwa yankho likapanda kubwera, HTTPRequest imangodikira mpaka kalekale. Kunotu netiweki imatha kuthawa mvula ikatsika m'phirimu, ndipo bandulo ya mwana wasukulu sichedwa kutha. Ine ndimasunga kaye zigoli mu foni, n'kuzitumiza netiweki ikabwerera. Pa Android, kumbukiraninso kutsegula chilolezo cha intaneti popanga export (potulutsa gemu yoika mu foni).

A ku Limbuli ndi Luchenza, bwerani Loweruka tidzayese limodzi.