Zikomo nonse amene munaunikira manja athu Loweruka lija

Padutsa masiku atatu ndikufuna kulemba, koma thupi linali lisanabwerere m'chimake. Mapewa akuwawabe ndi mipando ija. Lero ndati ndithokoze basi.

Chikondwerero chathu cha mafilimu ndi zaluso chinachitikadi kuno ku Blantyre, m'sabata imene osamva padziko lonse timanyadira chinenero chathu, paja 23 Seputembala ndi tsiku la chinenero chamanja. Kulemba nkhani, kugwira kamera, kusewera, kudula matikiti pakhomo, mpaka kusesa holo, zonse tinachita ife osamva. Akumva munabwera ngati alendo, ndipo omasulira athu awiri tsiku limenelo ankathandiza inu. Womasulira mmodzi atatuluka kukamwa madzi, ndinaona abambo ena a kutsogolo akucheuka uku ndi uku, asakutolapo kanthu. Ndinaseka chamumtima. Bambo, ndi mmene timakhalira ife kuchipatala, kubanki, ngakhale pamaliro a m'bale wathu. Koma simunanyamuke, munadikira. Zikomo.

Filimu yachitatu ili pakati, magetsi anathima. Mazenera tinali titatchinga ndi mabulangete kuti kanema azioneka bwino, ndiye m'holo munangoti bii. Inu akumva mumdima mumayankhulabe. Ife mdima umatitseka pakamwa. Ndinalephera ngakhale kuuza mnzanga wa pambali panga kuti tithamangire jenereta. Kenako mtsikana wina kumbuyo anayatsa tochi ya foni n'kuloza kutsogolo, wina n'kutengera, mpaka holo yonse. Mnyamata wathu wa ndakatulo, amene nthawi yake inali madzulo, anangokwera pompo n'kuyamba kulakatula ndi manja. Inali ndakatulo ya mvula yoyamba, mmene ife timaidziwira: fungo la dothi, ndi chitseko chikamanjenjemera ndi bingu. Achemwali a tochi, dzina lanu sindilidziwa, koma mukawerenga izi dziwani kuti tsiku lija munalipulumutsa ndinu.

Achimwene a ku Ndirande amene munabwera ndi jenereta yanu yowotcherera zitsulo n'kungolandira ya mafuta yokha, Mulungu akuwonjezereni. Amayi a m'mpingo amene munaphika, ndi inu munatibwereka mabulangete, tikuchapa kaye, abwera.

Anzanga a m'komiti, tinakangana kwambiri, ndisaname. Ena tinaphunzira kusukulu ya osamva ya Maryview ku Nguludi, ena ku Mountain View ku Bvumbwe, ena anachokera ku Mua ndi ku Embangweni, ndipo sukulu iliyonse ili ndi zizindikiro zake zina. Pojambula timatha ola lathunthu tikulimbana kuti chizindikiro choyenera n'chiti. Nthawi zina inkatiweruza ndi dikishonale ya chinenero chamanja imene bungwe la osamva m'Malawi la MANAD linatulutsa mu 2021. Nthawi zina amangopambana wouma mutu, ndipo mukumudziwa.

Tsopano amayi anga. Chibadwire changa takhala tikumvana ndi zizindikiro za pakhomo: nsima, madzi, gona, bwera kuno. Zokwanira kulera mwana, koma zosakwanira kufotokozera zimene zili mumtima. Filimu yanga inali ya mtsikana wosamva amene akupita kusikelo ya amayi oyembekezera popanda womasulira, akungogwedeza mutu pa zonse zimene anamwino akunena. Pansi tinalemba mawu m'Chichewa. Amayi anawerenga mzere uliwonse milomo ikugwedezeka, chitenje chili kumaso.

Itatha filimu anayamba kuwomba m'manja, kenako anaona kuti holo yonse yakweza manja m'mwamba ikugwedeza, monga timachitira ife. Nawo anakweza awo. M'minibasi yobwerera ku Bangwe anandigwira paphewa n'kundilembera pafoni kuti, "Kodi mtsikana uja ndiwe?" Ndinavomera ndi mutu. Dzulo andiuza kuti ndiziwaphunzitsa zizindikiro zisanu tsiku lililonse tikamaliza kutsuka mbale. Tayamba ndi chizindikiro cha "bwerezanso", chifukwa akuti ndimathamanga.